Mbereko za malamba: zimathandiza pati, nanga zimavuta pati?

Masiku ano mayi akachira m'tauni, mphatso sizikhalanso zitenje, beseni ndi sopo zokha. Mlamu wa ku Joni amatumiza mbereko yosokedwa kale, ya malamba ndi zotsekera za pulasitiki. Ena amaitola pa kaunjika, ena amagula kwa ogulitsa pa Facebook amene amaitcha baby carrier. Ikangolowa m'nyumba, mkangano wayamba. Apongozi amati chinthu chimenechi chimupinda mwana miyendo, akula ndi matewe. Mwini mphatso amati ayi, chitenje ndicho chimapweteka msana, ndipo tsiku lina mfundo idzamasuka. Wina amathirira ndemanga kuti anamva zoti kunja makanda ena anafera m'zinthu zoterezi.

Aliyense wa atatuwa wagwirako kachoonadi, koma nkhani zitatu zosiyana zasakanikirana: ya mafupa a mwana, ya kupuma kwake, ndi ya thupi la munthu wobereka. Zikasiyanitsidwa, zimaoneka kuti zambiri zimene mbereko ya malamba imasintha zimakhudza wamkulu. Kwa mwana, chachikulu ndi mmene wakhalira m'katimo, kaya mwagula zodula kaya zotchipa.

## Ndi chiyani, ndipo inachokera kuti

Mbereko za m'sitolo zilipo za mitundu ingapo. Pali nsalu yaitali mamita 4 kapena 5 yokulunga thupi lonse, pali ya mphete ziwiri yopachika paphewa limodzi, palinso ya zitsulo yoberekera mwana pokwera mapiri. Imene tikukamba pano opanga amaitcha soft structured carrier, ndipo ife tiziti mbereko ya malamba. Ili ndi lamba wokhuthala wa m'chiuno, nsalu yapakati pamene mwana amakhala ndi kutsamira, malamba awiri a m'mapewa oikidwa chinkhupule, ndi kalamba kakang'ono kolumikiza awiriwo kuti asamatsetsereke. Zonse zimagwirana ndi zotsekera za pulasitiki, zija zimapezekanso pa zikwama za kusukulu. Palibe mfundo yomanga. Mumatseka, mumakoka malamba mpaka athine, basi.

Mbiri yake ndi yochititsa kaso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, namwino wina wa ku America, Ann Moore, anagwira ntchito ku Togo pansi pa Peace Corps, gulu la anthu ongodzipereka la boma la America. Anaona amayi akuyenda ndi ana kumbuyo tsiku lonse, anawo ali phee. Atabwerera kwawo n'kukhala ndi mwana wake, iye ndi mayi ake anasoka mbereko imene inadzatchedwa Snugli, ndipo mu 1969 analembetsa umwini wa lusolo. Kampani ya BabyBjörn ya ku Sweden inatulutsa yake mu 1973. Mtundu umene wafala lero, wa lamba wamkulu m'chiuno, umafanana kwambiri ndi mbereko yakale ya ku China yotchedwa meh dai, ndipo unatchuka pamene Karin Frost anayambitsa kampani ya Ergobaby ku Hawaii kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Choncho chimene apongozi akuchiyang'ana mokayikacho si chachilendo kwenikweni. Nzeru yake ina inachoka kuno ku Africa, yangobwerera itavala pulasitiki ndi mtengo wa madola.

## Kulemera kumapita kuti

Mwana wa chaka chimodzi amalemera makilogalamu 9 kapena 10, zomwe ndi theka la ndowa ya malita 20 yodzaza madzi. Aliyense amene anatungapo madzi amadziwa kuti kulemera komweko kumamveka mosiyana malinga ndi pomwe mwakuika, ndiponso kuti katundu akatalikira thupi amatopetsa msanga.

Chitenje chomangidwa mwa masiku onse chimadutsa paphewa limodzi ndi kunsi kwa mkono winawo, mfundo n'kukhala pachifuwa. Kulemera kwambiri kumagwera phewa limenelo ndi pachifuwa pomwepo. Mbereko ya malamba imagawa katunduyo patatu: mapewa onse awiri ndi chiuno. Lamba wa m'chiuno ndiye mwini ntchito, chifukwa amatsitsira kulemera ku mafupa a m'chiuno ndi miyendo, kumene thupi lili ndi mphamvu zambiri. Uwu ndiye ubwino wake waukulu, ndipo umamveka kwambiri mwana akamakula. Pa khanda la makilogalamu 4 kusiyana kwake n'kochepa, koma pa mwana wa makilogalamu 12, ulendo wa ola lathunthu wapansi, msana umadziwa.

Koma ubwinowu umadalira kumanga bwino. Lamba wa m'chiuno akakhala wolendewera, mwana amatsika n'kutalikira thupi, wobereka amayamba kupendekera kumbuyo kuti asagwe, ndipo ululu umasamukira m'munsi mwa msana. Mbereko zina, makamaka zotchipa ndi zachikale, zilibiretu lamba wa m'chiuno: mwana amangolendewera pa mapewa, ndiye akangodutsa miyezi ingapo khosi limayamba kuuma. Palinso vuto la kukula kwa thupi. Chitenje chimakwanira aliyense, wonenepa ndi woonda, pamene mbereko ya malamba inasokedwa ndi muyeso wake. Mayi wamfupi wa mapewa ang'ono amatha kupeza malamba akutsetsereka ngakhale wawakoka mpaka kumapeto. Mayi amene wachira kudzera mu opaleshoni amapezanso kuti lambayo amadutsa pafupi ndi bala, choncho ndi bwino ayambe wafunsa kuchipatala asanayambe kuigwiritsa ntchito.

## Miyendo, chiuno ndi nkhani ya matewe

Apa ndi pamene pamakhala mantha ambiri, ndipo ndi pamenenso Malawi ali ndi chonena.

Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umalowa m'kabowo ka fupa la m'chiuno. Mwana akamabadwa, malo amenewa amakhala asanakhwime: kabowoko n'kosaya ndipo m'mbali mwake ndi mofewa. Kuti kazame bwino, mutu wa fupa uyenera kukhala m'katikati mwake m'miyezi yoyambirira, makamaka isanu ndi umodzi yoyamba. Ukamakhalira m'mphepete kapena kutulukamo, kabowo kamakula kosaya. Madokotala amatcha vutoli hip dysplasia. Likapanda kuonedwa msanga, mwana amadzayenda motsimphina, mwendo wina n'kuoneka waufupi, ndipo akakula amadzavutika ndi nyamakazi ya m'chiuno akadali wachinyamata. Limagwira kwambiri ana aakazi, ana oyamba kubadwa, amene anakhala motsogoza matako m'mimba, ndi amene kubanja kwawo lilipo kale.

Kakhalidwe ka miyendo kamathandizira kapena kuononga. Miyendo ikawongoledwa n'kuphatikizidwa pamodzi mothina, mutu wa fupa umakankhidwira kunja. Ikatambasuka, mawondo atapindika n'kukwera m'mwamba, mutuwo umakhazikika pakati. Umboni wake unachokera ku miyambo ya anthu. Pakati pa Anavajo a ku America, amene ankamangirira makanda pa thabwa miyendo ili chiwongokere, vutoli linali lofala. Ku Japan nakonso linali lofala mpaka pamene mu 1975 anayamba kuphunzitsa makolo m'dziko lonse kuti asiye kukulunga ana mowongola miyendo, ndipo chiwerengero chinatsika kwambiri.

Kuno kwathu zinthu n'zosiyana. Madokotala a mafupa a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anaunika mabuku a ana oposa 40,000 amene anafika pachipatalapo m'zaka pafupifupi khumi kuyambira 2002, ndipo sanapeze khanda ngakhale limodzi lobwera ndi zizindikiro za vutoli kapena lochitidwa opaleshoni chifukwa cha ilo. Zotsatirazi anazisindikiza mu 2015, ndipo anati chifukwa chimodzi chingakhale mwambo wobereka ana kumbuyo, miyendo itakumbatira thupi la mayi. Kafukufuku wotere sangatsimikize kuti chitenje chokha ndicho chikuteteza anawo, popeza magazi a makolo nawo amatengapo mbali. Komabe zimene anapezazo zikugwirizana ndi mmene fupalo limakulira.

Nanga mbereko ya malamba ikulowa pati? Zimadalira kukula kwa pokhalira pake. Bungwe la International Hip Dysplasia Institute limalangiza kuti nsalu igwire ntchafu zonse kuchokera kuseri kwa bondo lina kufika kuseri kwa linalo, matako atatsika, mawondo atakwererapo pang'ono. Mukayang'ana mwanayo kumbuyo, miyendo ndi matako zimapanga chilembo cha M. Mbereko ya pokhalira potakata imachita zimenezi, ndipo kunena zoona imangobwereza zimene chitenje chomangidwa bwino chimachita kale. Ina ili ndi pokhalira popapatiza, podutsa pakati pa miyendo pokha, ndipo miyendo imalendewera chowongoka. Palibe umboni woti mtundu umenewu umayambitsa vutoli mwa mwana wa mafupa abwinobwino, koma sumuthandizanso, ndipo kwa mwana amene chiuno chake n'chokayikitsa kale si chisankho chabwino.

Kutakata nako kuli ndi malire, ndipo apa ambiri amalakwitsa. Mbereko yosokedwera mwana wa miyezi 8 ikaikidwa khanda la milungu itatu, nsalu imapitirira mawondo, miyendo imakakamizika kutambasuka chowongoka, bondo silipindika. Ndi chifukwa chake zina zimabwera ndi kamtsamiro kapadera koikamo khanda, ndipo zina zatsopano zimakhala ndi mabatani kapena zomata zochepetsera pokhalira. Chitenje chilibe vutoli, pakuti chimatsata thupi la mwana aliyense.

Za matewe, apongozi akhoza kuugwira mtima. Pafupifupi ana onse amabadwa miyendo itapindikira kunja chifukwa cha mmene anakhalira m'mimba, ndipo imawongoka yokha akamafika zaka ziwiri. Matewe osatha amabwera ndi matenda, monga kufewa kwa mafupa chifukwa chosowa vitamini D kapena kashiamu m'thupi, kapena vuto la kakulidwe ka fupa la kunsi kwa bondo. Kubereka sikupinda mafupa amenewa, kaya ndi m'chitenje kaya ndi m'malamba. Mwana akapitirira zaka ziwiri kupindikako kukukulirakulira, kapena mwendo umodzi wokha ndiwo wapindika, nkhaniyo ndi ya kuchipatala.

## Kupuma

Ngati pali gawo loti muwerenge kawiri, ndi ili. Mavuto a chiuno amachiritsika. Kubanika kumatenga mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri mwanayo salira.

Khanda losafika miyezi inayi lili ndi mutu waukulu, khosi lofooka ndi njira ya mpweya yopapatiza. Likakhwefuka n'kupindika, chibwano chimagwera pachifuwa ndipo njirayo imatsekeka. Likhozanso kukanikiza mphuno ndi pakamwa pa nsalu kapena pa thupi la wobereka, n'kusowa mphamvu zotembenuzira mutu.

Nkhani zija za ana kufa kunja n'zoona, koma tidziwe kuti zinali za mtundu uti. Mu 2010 bungwe loona za chitetezo cha katundu ku America linalengeza kuti likufufuza imfa 14 zimene zinachitika m'zaka 20, ndipo 12 mwa izo zinali za makanda osafika miyezi inayi. Chaka chomwecho kampani ya Infantino inachotsa pamsika mbereko zake pafupifupi miliyoni imodzi pambuyo pa imfa za makanda atatu. Zimenezo zinali mbereko zonga thumba, zopachika paphewa limodzi, mmene mwana ankagona chopindika atamira m'kati. Mbereko ya malamba imamukhazika mwana choongoka pachifuwa, nkhope ili poonekera, ndipo pamenepa ili ndi ubwino weniweni. Imaposanso kubereka kumbuyo pa mfundo imodzi: khanda lili kutsogolo mumaliona nkhope nthawi zonse.

Koma ngozi sinatheretu. Khanda laling'ono likaikidwa mu mbereko yaikulu, limamira, mutu n'kubisika kunsi kwa nsalu. Malamba akakhala olendewera, limakhwefukira pansi. Kachipewa kotchinga dzuwa kakakokedwa mbali zonse ziwiri, nkhope sionekanso. Ku Britain akatswiri anasonkhanitsa malangizo asanu amene amawatcha TICKS, ndipo amagwira pa mbereko ya mtundu uliwonse, chitenje chomwe. Mbereko ithine moti mukawerama pang'ono mwana asachoke pathupi panu. Nkhope yake ioneke mukangoyang'ana pansi, osachita kukanganula nsalu. Mutu ukhale pafupi moti mukaweramitsa wanu mukhoza kumupsompsona pamutu. Pakati pa chibwano ndi chifuwa chake pazilowa chala. Msana ukhale wochirikizidwa, mimba ndi chifuwa zitagunda thupi lanu.

Kuyamwitsa ndi pamene pali kusiyana kwina. Ndi chitenje, mayi amangozunguza mwana kuchoka kumbuyo kubwera kutsogolo, n'kumugwira ndi dzanja. Mu mbereko ya malamba, pamafunika kumasula malamba kuti mwana atsike afike pa bere, ndipo pamenepo malangizo onse asanu aja aphwanyidwa nthawi imodzi. Ku Britain komweko, mu 2024, woweruza wofufuza za imfa anachenjeza za zimenezi pambuyo pa imfa ya khanda la milungu isanu ndi umodzi limene linkayamwa lili mu mbereko mayi ake akuyendayenda m'nyumba, ndipo mabungwe olangiza makolo a NCT ndi Lullaby Trust anasintha malangizo awo kuti kuyamwitsa khanda mu mbereko manja ali pa ntchito ina si kotetezeka. Chabwino ndi kumutulutsa, ayamwe, kenako abwezeretsedwe pamalo pake malamba atathinanso.

Makanda obadwa masiku asanakwane, olemera pang'ono, kapena amene ali ndi chimfine ndi chifuwa ndiwo ali pangozi yaikulu. Mbereko zambiri za malamba zimayambira pa makilogalamu 3.2 kapena 3.5, zina pa 5.5. Khanda lobadwa losafika makilogalamu 2.5 si la mbereko imeneyi. Lili ndi njira yake, ija ya kangaru, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 ndipo inafika kuno kudzera pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Imeneyo imafuna khungu la mwana ligunde la mayi kapena bambo, atamangidwa ndi nsalu mmene anamwino akuonetserani.

## Kutsogolo, kumbuyo, kapena kuyang'ana kunja

Mbereko zambiri zimalola njira zitatu kapena zinayi, koma iliyonse ili ndi nthawi yake. Miyezi yoyamba mwana amakhala kutsogolo, akuyang'ana chifuwa cha wobereka. Kumbuyo, opanga ambiri amati adikire mpaka atayamba kukhala yekha, cha m'miyezi 6. Izi zimadabwitsa amayi amene anazolowera kubereka kumbuyo mwana akadali wamng'ono, koma chifukwa chake n'chomveka: chitenje chimatha kumangidwa m'mwamba n'kugwira mutu, pamene lamba wa m'chiuno amamukhazika mwana m'munsi, kutali ndi maso ndi makutu anu. Kumuponya kumbuyo muli nokha kumafunanso kuzolowera, ndipo poyamba ndi bwino kuyesera pa bedi, wina ali pambali.

Kuyang'ana kunja, kumene kumaoneka bwino pa zithunzi, ndiko kochepa phindu. Kumafuna mwana wolimba khosi, wa miyezi 5 kapena 6, ndipo n'kwa kanthawi kochepa. Mwana akatopa ndi phokoso la mumsika alibe kobisa nkhope, akagona mutu umagwera kutsogolo, ndipo kulemera kwake kumakokera wobereka kutsogolo. Akangoyamba kusinza, mutembenuzeni.

Mwana kukhala kutsogolo kumabweretsa ngozi zake zimene wobereka kumbuyo saziganizira. Simuona mapazi anu, ndiye pa njira ya miyala kapena yoterera nthawi ya dzinja kugwa n'kosavuta. Kafukufuku wina wa ku America anawerenga ana oposa 14,000 amene anafika kuchipatala atavulala pa zoberekera pakati pa 2011 ndi 2020. Ambiri anavulala m'mutu, ndipo ena ochuluka ndithu anavulala chifukwa wobereka ndiye anagwa. Pa mbaula, pa poto wa phala lowira kapena pothira madzi otentha, mwana wa kutsogolo ali pakati pa inu ndi moto. Pofuna kutola chinthu pansi, pindani mawondo, dzanja lina lili pamsana pake. Ndipo mbereko iliyonse, ngakhale ya malamba olimba chotani, siteteza mwana pa ngozi ya galimoto kapena ya kabaza.

## Kulira, ndi manja a abambo

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti mbereko yawo imatontholetsa ana. Mawuwa ali ndi maziko. Mu 1986 ofufuza a ku Montreal, Hunziker ndi Barr, anapempha amayi ena kuti azinyamula makanda awo maola osachepera atatu patsiku, ndipo pofika milungu isanu ndi umodzi makandawo ankalira mochepa ndi 43 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Ofufuza a ku Japan anapezanso kuti khanda likanyamulidwa ndi mayi amene akuyenda, mtima wake umagunda pang'onopang'ono ndipo limasiya kuphiriphitha. Koma taonani kuti chimene chinayesedwa ndi kunyamula, osati mtundu wa mbereko. Kwa makolo a m'maiko amene mwana amakhala nthawi yaitali m'kabedi kapena m'kangolo, iyi inali nkhani yatsopano. Kwa mwana amene amakhala kale kumbuyo kwa mayi, azakhali kapena mlongo wake, mbereko ya malamba siionjezera kanthu pamenepa. Sichiritsanso kulira kwa kupweteka kwa m'mimba.

Chimene yasintha moonekeratu ndi woti abereke ndani. Bambo amene sangayerekeze kumanga chitenje pamaso pa anzake amavala mbereko ya malamba n'kuyenda nayo ku Gateway Mall kapena ku Chichiri mosachita manyazi. Tikhoza kuseka kuti chasiyana n'chiyani, koma zotsatira zake n'zabwino: mayi amapumako, mwana amazolowera fungo ndi mawu a bambo ake. Imathandizanso anthu amene sanaphunzire kumanga chitenje, monga amayi ena okulira kunja, kapena amene manja awo ndi ofooka moti sangakoke mfundo yolimba. Vuto laling'ono n'lakuti anthu awiri osiyana matupi akamagwiritsa ntchito imodzi, aliyense ayenera kukonzanso malamba onse, ndipo wothamangira ntchito amangovala mmene wapezera.

## Kutentha, mtengo ndi katundu wachinyengo

Zambiri mwa mberekozi zinapangidwira nyengo yozizira. Chinkhupule, nsalu zosanjikiza ndi lamba wokhuthala zimasunga kutentha, ndipo pamwamba pake pali matupi awiri ogundana. Mu Okutobala ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja, mwana amatuluka ali nyowe, nsungu zitamera m'khosi ndi m'mphechepeche. Za nsalu ya timabowo ngati ukonde zimapepukirako. Mbereko yokhayo muiwerenge ngati chovala chimodzi, ndiye musamuvekenso juzi ndi kumufunditsa bulangete. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake: pakatentha ndi kunyowa, mutulutseni apume. Kuchapa nako ndi ntchito. Chitenje chimauma pa ola limodzi, chimakhala chofunda, choyala pansi ndi chotchinga dzuwa, pamene mbereko ya chinkhupule ikanyowa ndi mkodzo nthawi ya mvula mukhoza kuidikira mpaka mawa.

Pa mtengo palibe mpikisano. Zenizeni za makampani odziwika monga Ergobaby, Tula ndi BabyBjörn zambiri zimadutsa madola 100 zikakhala zatsopano, musanawerengere zotumizira. Ndalama imeneyo ikhoza kugula zitenje zodzaza sutikesi. Apa ndi pamene katundu wachinyengo amalowera. Mbereko zonamizira dzina la Ergobaby n'zambiri pa intaneti, ndipo kampaniyo imachenjeza yokha za izo. Kunja zimafanana ndi zenizeni, koma zotsekera zake ndi za pulasitiki yosalimba, misoko ndi yapatalipatali, ndipo palibe anaziyesa. Zenizeni zimayesedwa motsata miyeso yokhazikika, ASTM F2236 ku America ndi EN 13209-2 ku Ulaya, ndipo nambalazi zimalembedwa pa kansalu ka m'kati pamodzi ndi malire a kulemera. Achinyengo akhoza kukopera kansaluko, choncho mtengo wotsika modabwitsa pa chinthu chotchedwa chatsopano ndi chenjezo lokwanira.

Kusiyana kwa kaonongekedwe n'kofunika kukumvetsa. Mfundo ya chitenje ikamamasuka mumaimva, mwana amayamba kutsika pang'onopang'ono, mumaima n'kumanganso. Chotsekera chikathyoka, kapena ngati sichinalowe mbali zonse ziwiri, chimamasuka kamodzin'kamodzi. Ndi chifukwa chake mbereko zabwino zimakhala ndi kalamba kotanuka kodutsitsamo chotsekera cha m'chiuno, koti kagwire chikamasuka. Ambiri amakadumpha poganiza kuti n'kokongoletsa.

Ya pa kaunjika ikhoza kukhala yeniyeni ndiponso yabwino, mwinanso kuposa yatsopano yachinyengo, koma imafuna maso. Tsekani ndi kutsekula chotsekera chilichonse, muone ngati chili ndi ming'alu kapena dzino lothyoka. Kokani mwamphamvu pamene malamba alumikizana ndi nsalu yapakati, poti ndi pamene pamayambira kung'ambika. Lamba akamapulumuka yekha mutamuthinitsa, isiyeni. Kawirikawiri imabwera yopanda kabuku ka malangizo ndi kamtsamiro ka khanda kaja, koma makampani akuluakulu amaika malangizo ndi mavidiyo pa intaneti, ndipo dzina la mtundu wake limakhala pa kansalu ka m'kati. Chotsekera chothyoka si chokamata ndi guluu kapena kumanga ndi waya, ndipo chochotsa pa chikwama sichinapangidwire kunyamula munthu.

## Mwana akayamba kuyenda

Apa ndi pamene mbereko ya malamba imabweza ndalama zake. Mwana wa zaka ziwiri amalemera makilogalamu pafupifupi 12, amayenda pang'ono n'kutopa, ndipo paulendo wautali, pa depoti kapena pamzere wa kusikelo, kumubereka paphewa limodzi kumalemetsa. Zambiri zimalembedwa kuti zimafika makilogalamu 20, ndipo pali zina zosokedwera ana okulirapo, zoyambira pa 11 mpaka 27. Nambala yolembedwayo imanena zimene nsalu ndi zotsekera zingapirire, osati zimene msana wanu ungakwanitse.

Zovuta zake pa msinkhu uwu n'zakuti mwanayo amafuna kutsika ndi kukwera kambirimbiri, ndipo akatsika mumatsala ndi chimtolo cha malamba chosalowa m'kachikwama ka m'manja. Amagwiranso chilichonse chimene manja ake afika muli chitembenukire, kuyambira tomato wa pa benchi mpaka waya wa magetsi, ndipo ena amaphunzira kudina chotsekera cha kalamba kakang'ono kaja.

Mudzadziwa kuti yamuchepera poyang'ana msana ndi ntchafu, osati zaka. Mwana woyenda akhoza kutulutsa manja pamwamba, koma nsalu yapakati iyenera kufika m'khwapa mwake. Ikamathera pakati pa msana, akhoza kudzigwetsera chagada n'kupidiguka. Pokhalira pakasiya kufika m'mawondo si vuto lalikulu kwa chiuno cha mwana amene akuyenda kale, ngakhale miyendo imatopa msanga ndipo m'mphepete mwa nsalu mumadinda ntchafu. Koma nsalu ya kumsana ikafupika, nthawi yakwana yofuna yaikulupo kapena kubwerera ku chitenje.